Mabuleki onjenjemera mwa apo ndi apo pa motoka yogula kale: yambirani apa musanagule ma disc

Abale anga a kuno ku Chipata, Katete, Lundazi konseko, amene mukuyendetsa motoka za ex-Japan kapena zogula kwa munthu, nkhani iyi ndi yanu. Mwaponda buleki, sitelingi yayamba kugwedezeka mmanja, kapena pedulo ikubweza phazi, gu gu gu, mtima uli mmwamba. Tsiku lotsatira muzungulira tauni yonse, Kapata, Down Shops, kukatenga ana ku sukulu, motoka ili phee. Mupita nayo pa garaji, mnyamata ayendetsa pang'ono chabe abwera akuti "bwana ilibe vuto iyi", kapena wina osakwera nkomwe angoti ma disc apindika, chotsani tikachite skim, kuja kopala nkhope ya disc pa makina kuti isalale. Mulipira, milungu ingapo zili bwino, kenako chayambanso. Ndalama za anthu zapita zambiri mwa njira imeneyi ndipo ine zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri disc ija, chimbale cha chitsulo chozungulira ndi wilo chomwe buleki imapana, sindiyo inayambitsa, inangovulazidwa ndi chinthu china chomwe chikadali momwemo ndipo chivulazanso yatsopanoyo.

Vuto lobwera ndi kupita limakhala ndi nthawi yake yobwerera, ndipo nthawiyo ndiyo imakuuzani chomwe chawonongeka. Ndiye ntchito yoyamba si ya makanika ayi, ndi yanu eni ake amene mumakhala pa sitelingi tsiku ndi tsiku. Kwa masiku angapo, nthawi iliyonse yanjenjemera, mukaima lembani mu foni: unali mmawa mutangonyamuka kapena munali mutayenda mtunda wautali, liwiro linali bwanji, munaponda pang'ono kapena mwamphamvu, msewu unali wa tala kapena wa fumbi, kunagwa mvula kapena mumachokera ku car wash, munali nokha kapena munanyamula anthu ndi matumba a chimanga kumbuyo. Lembaninso kuti munamva pati, mmanja, ku phazi kapena pa mpando. Makanika wabwino mukamupatsa zimenezi sakhalanso akulota, amadziwa wilo loyambira.

Mukatero pitani mukaliitane dala vutolo. Sankhani malo oongoka pa Great East Road, monga mukadutsa Mtenguleni kulowera ku Katete, mmawa misewu isanadzaze, lamba mumange, muone pa galasi kuti kumbuyo kulibe basi kapena truck ndipo kutsogolo kulibe njinga, mbuzi kapena ngolo. Fikani pa 80, chotsani phazi pa mafuta, buleki osaikhudza, isiyeni iziyenda yokha. Ikagwedezeka apa, mabuleki asiyeni kaye, vuto lili ku mawilo: balansi inachoka, rim inapindika pa pothole, tayala latupa, kapena matope aumira mkati mwa rim. La matopeli ndi lofala ngako nthawi ya mvula, mwachokera ku munda cha ku Chadiza kapena Vubwi, dothi lamata mbali imodzi ya rim, motoka igwedezeka masiku awiri atatu, mukatsuka basi chatha, ndiye mumaona ngati vuto limabwera lokha nkuchoka lokha.

Ngati pa 80 ili phee, pondani buleki mofewa mpaka mutsike kufika pa 40. Bwerezaninso, ulendo uno pondani molimbirako koma osati mpaka matayala kulira. Tcherani khutu ndi phazi apa. Kugunda kochokera ku disc kapena drum, uja mphika wa chitsulo wa mabuleki akumbuyo, kumayendera limodzi ndi kuzungulira kwa wilo, motoka ikathamanga kumagunda pafupipafupi, liwiro likamatsika nakonso kumatalikirana, mpaka mukatsala pang'ono kuima mumva motoka ikugwira, kusiya, kugwira, kusiya. Mukamva choncho ndiye muli pa mabuleki enieni.

Pali kunjenjemera kwina komwe anthu amanamizira mabuleki. Mwaima pa roadblock, giya ili pa D, phazi pa buleki, motoka yonse ikunthunthumira, mukaika pa N chasiya. Wilo silikuzungulira apa ndiye disc ilibe mlandu, kaonetseni ma engine mounting, idling ndi ma plug.

Manje kutsogolo kapena kumbuyo? Sitelingi ikamagwedezeka mmanja yang'anani kutsogolo. Sitelingi ili chete koma mukumva ku mpando ndi ku msana, thupi lonse la motoka likugwedera, yang'anani kumbuyo. Pedulo yokha imagunda olo vuto likhale mbali iti, siikuuzani zambiri. Ngati motoka yanu ili ndi ma drum kumbuyo ndi handibuleki yokoka ndi dzanja, monga Vitz ndi ma Corolla ambiri, mutha kutsimikiza chonchi: pa malo opanda anthu yendani pa 30, dinani ka batani ka handibuleki osakasiya, kokani pang'onopang'ono mpaka mumve yayamba kugwira. Ikagunda pamenepo ndiye drum yakumbuyo siili yozungulira bwino. Musakoke mwamphamvu chonde, mawilo akumbuyo akamangika motoka imatembenuka. Ndipo pa Allion, Premio kapena Noah zomwe handibuleki yake mumaponda ndi phazi lamanzere, izi musayese, imakola ndipo simungaimasule msanga mmene mungafunire.

Tisanapite patali tichotsepo kaye ABS, ija imaletsa mawilo kumangika mukaponda mwamphamvu, chifukwa ambiri amene amati mabuleki amanjenjemera nthawi zina chabe, ndi ABS imene akumva. Yake imasiyana, imakhala yothamanga, grrrr pansi pa phazi ndi kaphokoso kochokera ku injini, ndipo siichepa liwiro likamatsika. Ikachita pa msewu wa miyala, pa mchenga wa m'mbali mwa tala, pa tala yonyowa kapena mukaponda buleki muli pa hampu, imeneyo ikugwira ntchito yake, wilo limafuna kumangika ndiye ikulimasula. Phazi musachotse, pondanibe ndi kuongolera. Koma ikamachita pa tala youma, motoka ikuyenda pang'onopang'ono mwatsala pang'ono kuima, pamenepo ikunamizidwa. Wilo lililonse lili ndi sensor yowerenga liwiro, sensor ikadzaza tizitsulo ndi matope, kapena waya wake wakhuzuka, kapena ring yomwe imawerenga yang'aluka kaya yachita dzimbiri, kapena bearing yakhwefuka, kompyuta imaona ngati wilo limodzi laima ndiye imamasula buleki pomwe simafunika. Matayala osiyana saizi nawonso amaisokoneza. Choopsa chake motoka imapitirira pang'ono pomwe mumafuna kuima, ndipo nthawi zambiri laiti ya ABS siyaka nkomwe.

Pa laiti imeneyi, yatsani ignition osaliza injini muone pa dashboard. Ya ABS iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenako nkuzima yokha. Ngati siyaka ngakhale pang'ono, dziwani kuti mwina wina anachotsa babu kapena anaimata kuti wogula asaone, zimachitika pa motoka zogula kwa munthu. Njira yabwino ndi kupita kwa amene ali ndi makina a diagnosis, alumikize, wina aziyendetsa iye aziona liwiro la mawilo onse anayi, lomwe likudumphadumpha kapena kugwa pa 0 enawo akuyenda ndi lomwelo. Ngati makina kulibe, ena amachotsa fuse ya ABS ndikuyesa pa liwiro lochepa pa msewu wopanda anthu, kunjenjemera kukasowa ndiye mwapeza mbali yake. Mukatha bwezeranipo fuse pompo, musayende nayo choncho.

Tsopano nkhani yaikulu, kutentha. Vuto likamabwera pokhapokha mwayenda mtunda, mmawa kulibe, mu tauni kulibe, koma mukafika cha ku Sinda kapena Petauke layamba, woyamba kumukayikira pa motoka yakale ndi caliper yogwira. Caliper ndi chitsulo chija chimapanikiza ma pad, aja amakhuza disc, mukaponda buleki. Mukachotsa phazi pa pedulo ma pad amayenera kusiya disc. Caliper ikalimba samasiya bwinobwino, amakhala akukhuza pang'ono ulendo wonse, disc itentha mbali imodzi ya motoka, ikatentha imafufuma mosafanana ndiye mukaponda imagunda. Ikazizira usiku wonse mmawa ili bwino. Ndi chifukwa chake pa garaji samalipeza, mumafika nayo ili yozizira.

Kuyesa kwake nkosavuta ndipo sikufuna ndalama. Yendani makilomita 10 kapena 15 pa msewu woongoka osaponda buleki kwambiri, imani mofewa pa malo abwino, tulukani muzungulire motoka. Yandikizani kuseri kwa dzanja pafupi ndi rim iliyonse, disc yeniyeniyo musaikhudze imaotcha koopsa. Fananitsani lamanja ndi lamanzere. Akutsogolo amatentherako kuposa akumbuyo, zimenezo nzabwino, koma limodzi likakhala likuchita kutulutsa moto mnzake ali wofunda chabe, kapena likununkha chopserera, ndi lomwelo. Onaninso rim yomwe imada ndi fumbi lakuda msanga kuposa inzake, ndipo kumbukirani ngati motoka imakokera mbali imodzi kapena yayamba kumwa mafuta kuposa kale. Likadali lotentha choncho ikani jeki, giya pa N, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo otsalawo, lizungulizeni ndi dzanja, kenako mukayese la mbali inayo. Lomwe likulimba kapena kuima pompo mukangolisiya ndilo logwira.

Mukachotsa wilo ndi kumasula caliper mupeza ma pin awiri omwe caliper imatsetserekapo. Pin yabwino imalowa ndi kutuluka ndi zala ziwiri chabe, ili yonyowa ndi girisi. Yoipa mumachita kuipotokola ndi pulayasi, ikatuluka ili yofiira ndi dzimbiri, girisi anauma kalekale wasanduka zinyenyeswa zakuda, ka labala kake kang'ambika m'mbali momwe madzi a mvula ndi fumbi zimalowera. Kawirikawiri imakhala imodzi yokha yomwe yalimba, inzake ili bwino, ndiye caliper imagwira mopendama. Ma pad nawonso amachitira umboni, mupeza imodzi yatha inzake ikadali yonenepa, kapena pad imodzi yomweyo yadyeka mbali imodzi kuposa inayo. Tsukani ma pin ndi mabowo ake, palani dzimbiri ndi sandipepa yosalala, sinthani timalabala tong'ambika, ndipo pakani girisi wa mabuleki, uja wa silicone kapena rubber grease. Girisi wamba wa ma bearing musapakepo, amatupitsa labala ndipo pin ilimbanso posachedwa. Apa ndikupemphani muime pomwepo muziona ndi maso anu chomwe akupaka. Onaninso momwe makutu a ma pad amakhala pa bracket, pansi pa tizitsulo timeneto dzimbiri limafufuma nkupana pad, palaninso pamenepo.

Ma pin akakhala bwino yesani piston ya mu caliper yomwe imakankha ma pad, ikankheni kuti ibwerere mkati ndi G-clamp, iyenera kulowa mosavuta osachita kulimbana nayo. Labala yake ikang'ambika madzi amalowa, piston ichita dzimbiri, ndiye pafunika repair kit kapena caliper ina. Chinanso chomwe ambiri amaiwala ndi paipi ya labala yopita ku caliper. Ikakalamba imatha kufwafwanyika mkati kunja ikuoneka bwinobwino, fluid ya mabuleki imapita mukaponda koma kubwerera imavutika. Makanika amaipeza chonchi: wilo likadali logwira amamasula pang'ono ka bleeder, kaja kotulutsira mpweya pa caliper, fluid ikatuluka mwamphamvu wilo nkumasuka pompo, ndiye vuto ndi paipi kapena kumtunda kwake ku master cylinder, pampu ija yomwe pedulo imakankha. Likakhalabe logwira ndi piston kapena ma pin. Mukatsegula bleeder muonetsetse kuti achotsa mpweya musananyamuke.

Kutentha kwina timakuyambitsa tokha ndi kayendetsedwe. Ulendo wa ku Lusaka ndi makilomita opitirira 550, ndipo mapiri a ku Manenekela ndi mitsetse yotsikira ku Luangwa Bridge yapsereza mabuleki a anthu ambiri. Mukatsika mtsetse wonse phazi lili pa buleki, makamaka motoka italemedwa, ma disc amatentha kopitirira. Ndiye mukafika pansi nkuima phazi litapanikiza pedulo, pad imasiya utoto wake, tinyenyeswa take tomatirira, pa malo amodzi a disc yotenthayo, malo amenewo amakhala okwererako ndi ogwira kuposa kwina, kuyambira pamenepo wilo likazungulira limagunda. Mukayang'anitsitsa mumaona chithunzi cha pad chitadindika pa disc, kapena mawanga akuda ndi obiriwirako. Zambiri zomwe timati disc yapindika ndi zimenezi, siinapindike, yangosiya kufanana kunenepa kwake. Pa mtsetse wautali tsitsani giya, automatic ikani pa 2 kapena L, hybrid pa B, injini izithandiza kugwira, buleki muziponda nkusiya, kuponda nkusiya. Mukaima mabuleki ali otentha ikani pa P muchotse phazi. Ndipo musalowe mmadzi kapena kulola anyamata a pa car wash kuthira madzi pa ma disc mutangofika kuchokera ulendo, dikirani azizire.

Nanga ikakhala yosiyana, imanjenjemera mmawa kapena motoka ikakhala masiku osayenda, mukayendako pang'ono nkusiya? Limenelo ndi dzimbiri. Disc ndi chitsulo chosapenta, usiku umodzi wa mvula chimachita kale dzimbiri lopyapyala lomwe limachoka mukaponda kangapo, musadandaule nalo. Koma motoka ya ex-Japan imakhala itaima nthawi yaitali, ku yadi ku Japan, mu sitima, pa doko ku Dar es Salaam, pa boda ku Nakonde, mwinanso miyezi pa malo ogulitsira. Disc yonse imadyeka kupatula pomwe pad inaphimba, ndipo dzimbiri likalowa kwambiri silichoka ndi kuponda. Musangoona mbali yakunja yomwe imaoneka pa mipata ya rim, tengani tochi muone mbali yamkati, kawirikawiri ndiyo imakhala yoipa. Pa ma hybrid monga Aqua ndi Prius pali chinanso, mukaponda pang'ono ndi mota ya magetsi imene imagwira motoka ikuchaja batire, ma pad sagwira ntchito kwenikweni. Ndiye disc yoipa mumaimva pokhapokha mwaponda mwamphamvu, kapena batire yadzaza pa mtsetse wautali. Mwini wake amaona ngati vuto limabwera mwa apo ndi apo pomwe lili pomwepo nthawi zonse.

Zonsezi zikapanda kuloza bwino, kwezani motoka muone za miyendo. Chonde pa malo olimba ndi osapendama, ikani ma stand, ngati mulibe lowetsani sipeya pansi pa motoka, ndipo musalowetse mutu kapena mwendo pansi pa motoka yomwe ili pa jeki yokha, njerwa nazonso zimasweka. Yambani ndi manati a mawilo, onse alipo, onse ndi omanga? Kenako gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze, likamasewera ndi bearing kapena ball joint. Gwiraninso kumanja ndi kumanzere, likamasewera ndi tie rod end kapena rack end. Wina azigwedeza inu muzisuzumira ndi tochi kuti muone chomwe chikuyenda. Ma bush a lower control arm ayeseni ndi kachitsulo kotsekulira matayala, muone ngati labala yang'ambika kapena yalekana ndi chitsulo chake. Amene mumayenda kawirikawiri njira ya Lundazi kapena ya Mfuwe apa musadumphepo. Bush ikatha, mukaponda buleki wilo limasunthira mmbuyo, ndiye kakugunda kakang'ono ka disc komwe simukanakamva nkomwe kamakula mpaka sitelingi yonse kugwedezeka, ndipo zimachitika mukaponda mwamphamvu kapena motoka italemedwa chabe. Musintha ma disc kangati konse bush ili yakutha, sizitha.

Wilo likadali mmwamba lizungulizeni muziyang'ana mapazi a tayala kuchokera kutsogolo. Akamayenda mokhotakhota kapena pali pena potukuka, mawaya amkati alekana, tayala limenelo lichotseni lero lomwe, limaphulika. Lotere limavuta kwambiri likatentha masana. Werenganinso manambala anayi a m'mbali mwa tayala, 2318 ndiye kuti linapangidwa mlungu wa 23 mu 2018. Ndipo motoka zambiri zimabwera ndi matayala a nthawi ya chisanu ya ku Japan olembedwa studless, labala yake ndi yofewa, siinapangidwire tala yotentha ya mu Okutobala.

Manje ndiye tifike pa disc yeniyeniyo. Ndi maso mutha kuona mizere yakuya, mawanga, ming'alu ndi mlomo wotukuka m'mphepete, koma chomwe chimagwedeza sitelingi sichioneka ndi maso. Pa ma Toyota ambiri kupendama kwa disc ikamazungulira sikuyenera kupitirira 0.05 mm, pafupifupi theka la kunenepa kwa pepala limodzi la mu kope. Amayeza ndi dial gauge, disc atayimanga ndi manati, nsonga ya gauge ili pafupifupi 10 mm kuchokera m'mphepete, nkuzunguliza pang'onopang'ono. Kunenepa amayeza ndi micrometer pa malo asanu ndi atatu kuzungulira disc, kusiyana kwa pafupifupi 0.02 mm chabe phazi limakumva kale. Vernier imanama apa chifukwa imakhala pa mlomo uja wa m'mphepete. Si garaji iliyonse ili ndi zida zimenezi, funsani ku ma engineering workshop komwe amachita skim, ndipo ngati munthu akuti disc yapindika osayeza mufunseni mwaulemu kuti wadziwa bwanji.

Disc ikapezeka yopendama ichotseni muone nkhope ya hub, chitsulo chomwe wilo limamangidwapo, pomwe imakhala. Kadzimbiri kapena kamchenga kakang'ono kotsala pakati pa hub ndi disc nkokwanira kuipendamitsa, ndiye imakhuza pad pa malo amodzi pa kuzungulira kulikonse, pakapita miyezi malowo adyeka ndipo kunjenjemera kwabwera. Palani hub ndi waya bulashi ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pukutani, bwezerani disc muyezenso. Nthawi zina kungoisuntha kuti ilowe pa ma stud ena kumachepetsa kupendamako.

Skim kapena kugula ina? Pa disc iliyonse analembapo MIN TH ndi nambala ya mamilimita, kunenepa kochepetsetsa komwe imaloledwa, m'mphepete kapena pakati pake, mungafunike kupala dzimbiri kuti muione. Ngati akaichita skim ikhala pansi pa nambala imeneyo, kapena ili ndi ming'alu, kapena mawanga olimba obiriwira aja alowa mkati, itayeni. Disc yopyapyala imatentha msanga ndipo vuto libwerera msanga kuposa poyamba. Ine ndimaona kuti skim ndi yabwino kamodzi chabe pa disc yomwe ikadali yonenepa, kupitirira apo gulani. Musinthe kapena kuchita skim mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo muike ma pad atsopano, akale amakhala atatenga kale mizere ya disc yakale. Ma pad otchipitsitsa opanda dzina ndi omwe amakonda kusiya utoto akatentha, apa musaumire. Ma disc a second hand ayezeni musanalipire. Atsopano amabwera atapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, atsukeni ndi brake cleaner musanawamange.

Ma drum akumbuyo nkhani yake ndi yaifupi. Chotsani, onani ngati wheel cylinder ikudontha fluid pa ma shoe, ngati lining yayamba kumatuka, ngati sipuling'i yaduka, ndiponso ngati handibuleki anaimangitsa kwambiri mpaka ikukhuza. Drum nayo ili ndi nambala yolembedwa ya kukula komwe siyenera kupitirira. Fumbi la mkatimo musaliuzire ndi pakamwa, ndi loipa ku mapapo.

Pomanga wilo, izi ndi zomwe zimawononga ntchito yabwino. Anyamata okonza matayala amakonda kumanga nati imodzi mpaka kuimirira pa sipanala, kapena kuombera ndi gun, kenako nkupita pa yoyandikana nayo. Disc imapanikizika mopendama. Yambani manati onse ndi dzanja, mangani modumphitsa, iyi kenako yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono kawiri katatu, ndipo malizani ndi torque wrench. Pa Corolla, Allion, Vitz ndi zina zotere ndi 103 Nm, za motoka zina onani mu buku lake. Musanayende pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe, mukasintha ma pad kuponda koyamba imapita pansi.

Ma pad ndi ma disc atsopano amafunika kuzolowerana. Pa msewu wopanda anthu fikani pa 60, pondani molimbirako mpaka pa 15 kapena 20, osaima kwenikweni, thamanganinso, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako yendani mphindi zingapo osaponda kuti azizire. Masiku oyamba pewani kuponda mwadzidzidzi ngati palibe chifukwa. Njira yomweyi nthawi zina imachotsa utoto wa pad ngati wangoyamba kumene, ndiye mutha kuiyesa musanamasule chilichonse. Brake fluid nayo muione, imayamwa chinyontho, ndipo madzi amenewo ndi omwe amadyetsa piston dzimbiri ndi kupangitsa fluid kuwira pa mtsetse. Isintheni pa zaka ziwiri zilizonse, DOT 3 kapena DOT 4 monga analembera pa chivindikiro. Motoka yogula kale simudziwa kuti anasintha liti, ikakhala yakuda ingosinthani.

Kufufuza konseku ndi kwa motoka yomwe ikuimabe bwino. Pedulo ikamapita pansi kapena kufewa, fluid ikamachepa mu kabotolo, laiti yofiira ya buleki ikayaka handibuleki ili yomasula, mukamva chitsulo chikukhuza chitsulo, motoka ikamakokera mbali mwamphamvu, kapena wilo likufuka utsi, iimikeni, musanyamule nayo banja ngakhale ulendo wa pafupi wa ku Mwami.

Mukamaliza kukonza bwererani pa msewu womwe uja, liwiro lomwelo, mutayenda mtunda womwe vuto limabwerera, mufananitsenso kutentha kwa mawilo ndi dzanja. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 yesaninso manati. Ikadzayambanso patapita miyezi iwiri itatu ma disc ali atsopano, caliper ili yomasuka, musagulenso ma disc ena, uzani makanika achotse disc aike dial gauge pa hub yokhayo. Hub yomwe inamenyedwa pa pothole kapena pa ngozi yakale imakhala yopendama, ndipo imeneyo amasintha pamodzi ndi bearing yake.